Kamfuti ka Apongozi ndi Viniga

Inu, khalani pansi ndikuuzeni, koma musanamugwire mwanayo kasambeni kaye m'manja. Eya, sekani. Khalidwe lomweli ndi limene linandipatsa dzina kwa apongozi anga, a Delbert Kocurek. Chibadwire Junie wathuyu, iwo samanditchula Colby. Ndine "a Sopo" basi.

Dzinalo ndikanalipirira. Chimene chinkandiwawa ndi chakuti chaka chilichonse nyengo yosaka agwape ikafika, amuna onse a m'banjamo amapita ku msasa wa apongozi: ana awo, akamwini anzanga, ngakhale msuweni wina amene amathawa nkhuku. Ine ayi. Ndimatsala ndi amayi, kusenda mbatata. Sikuti ndimafuna kupha gwape, gwape sanandilakwire kanthu. Ndimangofuna kuitanidwa.

Nzeru inachokera kwa mkazi wanga Shayla.

"Adadi akukwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri. Akhala akulirira kamfuti kakale ngati ka agogo awo, kaja ka gudumu lozungulira. Loweruka kuli msika wa mfuti ku Abilene. Ukakapeza, msasa ndi wako."

"Nanga mwana?"

"Ine ndili ku ntchito. Umutenga."

Mwana wa miyezi isanu ndi itatu, ku msika wa mfuti. Ndinamumangirira pachifuwa, kumuveka zotseka m'makutu, chipewa pamwamba. Pakhomo pamakhala mlonda womanga mfuti iliyonse ndi kalamba kapulasitiki kuti isalire m'katimo.

"Mwatenga chida, achimwene? Tichimange."

"Ndangotenga matewera."

"Amenewo ndiye oopsa zedi, koma lowani."

M'katimo matebulo mpaka maso kulekeza, madoda a ndevu akutsutsana, fungo la mafuta a mfuti ndi nyama yofutsa. Ndinkayenda cham'mbali ngati nkhanu, kuti mfuti iliyonse iloze msana wanga osati mwana. Ndisanafike patali, wina kuseriko anayesa kachida kamagetsi kaja koopsezera mbava, tyatyatya, ndipo ine sindinafunse. Ndinapezeka ndili pansi pa tebulo, Junie akuseka, akukoka chingwe cha nsapato ya munthu.

Nsalu ya patebulo inatukulidwa, ndikuona mayi wa magalasi akuluakulu, pachifuwa palembedwa kuti Earline.

"Bambo, katundu ali pamwamba. Pansipo pali miyendo yanga, ndipo sindikugulitsa."

Ndikudzuka chonchi, maso anga anagwera pa iko. Inu, kamfuti kake komweko. Gudumu lozungulira, chogwirira chamtengo chothetheka ndi manja, chitsulo chonse chofiirira ngati fodya wouma bwino. Ndinayamba kununkhiza utsi wa ku msasa pomwepo.

"Zipolopolo zake zimapezeka?" ndinafunsa.

"Anasiya kupanga agogo ako asanabadwe."

Pang'onong'ono ndiwakumbatire. Mfuti yosawombera, abale, mfuti ya munthu wolera mwana. Koma paja mwamuna sagula osanenerera, ndiye ndinakwinya nkhope ngati katswiri.

"Kali bwino, koma n'kakuda. Muchotsereko ya litsiro."

 Doda wina anavula chipewa ngati pamaliro.

"Mwana wanga," anatero a Earline, "litsirolo ndi limene ndikukugulitsa. Chitsulocho ndi basera chabe. Mtundu umenewo watenga zaka zoposa zana kuti ufike apo. Usakapukute. Usakakhule. Usakayang'ane n'komwe ndi maso aukhondo akowo."

Ndinagwedeza mutu, ndinalipira ndalama zathu zogulira sofa, ndi kutuluka ndikuimba, Junie akuvina ndi miyendo pamimba panga. Kunyumba ndinakatsekera m'bokosi, bokosilo m'bokosi lina, lonselo pamwamba pa kabati, kiyi m'sokosi.

Ndiye maganizo anabwera, monga amabwerera kwa ife makolo. Apongozi akagwira kamfutika, kenako anyamula Junie. Apongozi sasamba m'manja. Junie amayamwa chala chawo chachikulu ngati switi. Nanga kamfutika kadutsa m'manja angati? Oweta ng'ombe akale aja, osamba pa Khirisimasi pokha, olavulira m'manja asanagwire chingwe. Thukuta la zaka zana, lonselo m'kamwa mwa mwana wanga.

Ndinati ndingopukuta malo amodzi okha. Ndinatenga viniga amene timatsukira mabotolo a mwana, kudonthezera pakansalu, kukhudza pang'ono. Pamalopo panati mbee. Tsopano kamfuti kanaoneka ngati mutu wa mwana wa chipere, ndipo mphatso ya chipere simungapite nayo kwa apongozi. Ndinafananiza mbali iyi, mbali inayo nayo inayamba kudandaula. Ndinakaviika konse m'mbale. Ndinatenga kawaya kokwechera mapoto. Akuluakulu amati safunsa anadya phula, koma ine ndinauzidwa bwinobwino, phulalo ndinadya ndi supuni.

Pofika Shayla kanali kakuwala moti mukanametera ndevu.

"Kokongola," anatero. "Koma ndimayesa ndinati kakale?"

Mawu amenewo akanandichenjeza, koma ine ndinali kalikiliki kuvina m'khitchini.

Tsiku la phwando banja lonse linali pabwalo, nyama ya ng'ombe ili pamoto chiyambire m'mawa. Ndinapereka bokosi ndi manja awiri. Apongozi anatsegula, kukatulutsa, kukatembenuza, kuwerenga chaka chodindidwa pachitsulo. Msozi unatsika mpaka m'ndevu. Ndinamugunda Shayla ndi chigongono, ndikumunong'oneza kuti akandigulire nsapato za m'tchire.

Kenako anakanunkhiza.

"Bwanji kakununkha ngati nkhaka zowawasa za m'botolo?"

"Ndinakasambitsako pang'ono, bambo. Chifukwa cha mwana."

Mlamu wanga Wendell anatsamwa ndi mowa, ena kumumenya pamsana, iye akungoloza ine osatha kuyankhula.

"Colby," anatero apongozi. Mwamva? Dzina langa lenileni, pamaso pa anthu. "Colby, kamfuti aka kanapulumuka mvula, fumbi, dzimbiri, mwina ndi mbava za ng'ombe zomwe. Zaka zonsezo kanali kakudikira iwe." Anatembenukira kwa akazi awo. "Darlene, kabise amayi anga m'nyumbamo. Uyu akawapeza awakwecha mpaka makwinya athe."

Anthu anaseka mpaka galu kuuwa. Ine ndinangoyang'ana pansi, kuwerama ngati nkhuku yonyowa, msasa ndikuuona ukupita. Apongozi anakaikanso kamfutiko m'bokosi mwaulemu, anamunyamula Junie, inde, osasamba m'manja, n'kunditembenukira.

"Chaka chino ubwera ku msasa."

"Ine, bambo?"

"Iwe. Kuli mapoto amene sanaone madzi chimwalirire bambo anga. Luso ngati lakoli lisamangoononga mbiri yakale."

Ndinapita, inu, ndinapita ndithu, mpando wakutsogolo m'galimoto yawo, viniga wanga pamiyendo. Titangofika anandigwira paphewa, n'kundilozera chiwaya chachitsulo cha agogo awo chopachikidwa pamsomali, chakuda bii, mafuta a mibadwo itatu ataumirira.

"Zonse tsuka, a Sopo. Koma ichi ukangochikhudza, zipolopolo za kamfuti kaja ndikazipeza, kaya anasiya kupanga."