Lamba wa Zipangizo ndi Maso a Apongozi

Mpaka lero ndikaona mnzanga wa zamagetsi atamanga lamba wa zipangizo m'chiuno, mtima umandigunda ngati ndavala ndine.

Ine pulayala, tesita, masikuludilaiva ndi tepi ndinkanyamulira m'chikwama chobereka kumsana, chakalekale, zipi yake yomanga ndi waya. Vuto lake linali limodzi: ukakwera makwerero n'kufuna tesita, uyenera kutsika kaye. Ndiye Tamanda, chibwenzi changa, atandiuza kuti mayi ake akufuna ndikawaikire sola kumudzi ku Chongoni, ndinadziwa kuti solayo n'chonamizira. Ankafuna aone munthu wofuna mwana wawoyu, pakuti za chinkhoswe anali asanayankhe. Ndiye ndikafikeko ndi chikwama cha zipi ya waya?

Ndinathamangira kumsika wa pa Boma, kwa a Saidi ogulitsa kaunjika. Anandionetsa chikwama cha m'manja cholimba bwino, koma maso anga anali pa lamba wachikopa wa matumbamatumba. Iwo anandiyang'ana m'chiuno n'kunena kuti mwini wake woyamba ayenera kuti anali munthu wodya bwino. (Ine ndine uja, mphepo ya ku Dedza ikawomba ndimayamba ndagwira mtengo.) Sindinawamvere. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

M'mawa wa tsikulo malamba awiri ankalimbana pamchombo, ndiye ndinachotsa wa thalauza n'kulowetsa watsopanoyo m'malo mwake. Ndinamanga pabowo lomaliza, komabe dzanja linkalowa. Ndinati palibe kanthu, ndizingokoka.

Nditafika ndinanjuta mwaulemu kuti ndilonjeredwe, sikuludilaiva n'kundibaya pantchafu. Ndinapirira uku ndikumwetulira. Mayi ake a Tamanda anandipatsa moni atakhala chapatali, nkhope atalozetsa kumbali monga mwa mwambo wa chipongozi, koma ine ndi mantha anga ndinkangoona ngati andikana kale.

Padenga zinayenda bwino. Tsoka linandipeza pabalaza. Ndinali pamwamba pa makwerero, dzanja lina litagwira choikamo babu pamtanda wa denga, lina likukoka waya, sikuluwu ili pakamwa, pamene ndinamva kamphepo kozizira pamalo pomwe sikayenera kufika. Thalauza inali itayamba ulendo. Ndinatang'adza kuti iime, ndipo inaimadi m'mawondo.

Pomwepo ndinamva "Odi."

Anali mayi ake a Tamanda, atanyamula tiyi ndi mbatata ya kachewere. Anagwada pafupi ndi chitseko, nkhope kukhoma.

"Tiyi uyu, bambo. Kwazizira lero."

Ndinati ndithokoze, sikuluwu n'kugwa. Poti ndiiwakhe, mawondo anakumana, ndipo lamba, hamala, pulayala ndi thalauza zonse zinatsikira limodzi mpaka mu akakolo. Phokoso lake nkhuku zinathawa pakhonde. Ine ndinatsala chiimire ndi kabudula wam'kati (za mtundu wake ndi zaka zake tisakambe), thukuta lili kamukamu m'nyengo yozizira ngati imeneyo.

Iwo sanatembenuke.

"Zipangizo zagwa, bambo. Ndiitane munthu?"

"Ayi mayi, zonse zili bwinobwino."

Anatuluka mwakachetechete. Ndinadalitsa makolo onse amene anakhazikitsa mwambo woti apongozi asamayang'ane mkamwini. Komabe masiku otsatirawo chakudya sichinkatsika. Foni ikalira ndinkati basi, chibwenzi chatha.

Kenako Tamanda anabwera kunyumba akumwetulira. Anati mayi avomera, akuti magetsi akuwala bwino ndipo mnyamatayo ndi waulemu. Ndinapuma mpweya wautali, mtima n'kukhala m'malo. Apo anatulutsa kanthu kokulunga m'kapepala, akuti andipatsira mayi. Ndinamasula. Unali msomali umodzi wa folo inchi.

"Akuti mubowolere lamba wanu. Ine sindikumvetsa, lamba wake uti?"

Msomaliwo ndinausunga, koma lamba ali pansi pa bedi, ndipo chikwama changa cha zipi ya waya chinabwerera kumsana. Apongozi anga mpaka lero sandiyang'ana kumaso. Kungoti ndikafika kumudzi, moni wawo amamaliza ndi funso limodzi, nkhope ili kukhoma: "Nanga zipangizo zili bwanji, bambo?"