Mphiri Pansi pa Nkhokwe ya Apongozi

Lolemba
Ndatopa! Zaka zonse zija ku koleji, lero ndili pachikamwini ku Mtakataka, khasu m'manja. Anthu kuno thonje, thonje, thonje. Ine ayi. Nyuzipepala ikuti ku Joni amagula ululu wa njoka n'kupangira mankhwala a olumidwa. Sitima ili pafupi, njoka zili mbwee m'tchiremu. Kwatsala kusankha yoyambira:
Songo: liwiro lanyanya. Ayi.
Mamba: imalavulira m'maso, ndipo magalasi ndili nawo amodzi okha.
Nalikukuti: kuonda kuja, mungakamemo chiyani?
Mphiri: yonenepa, yaulesi, sisuntha pomwe yagona. Imeneyo!
Mkazi wanga Esinati akuti: "Inu, ine ndili ndi pakati. Bwanji nkhunda?" Nkhunda! Dziko lingatukuke ndi nkhunda?

Lachiwiri
Bokosi la sopo, misomali, waya wa sefa pamwamba. Khola latha.
Pobwera nalo ndikumana ndi apongozi panjira. Iwo phethu kulowa m'tchire kumanja, ine kumanzere, mu chitedze. Chaka chathunthu sitinaonane nkhope, sitinalankhulane, chilichonse chimadzera mwa Esinati. Mwambo umenewu uyenera kutha!
Uthenga wawo: "Bokosilo n'lachiyani?" Yankho langa: lachitukuko.
A Kachepa, malume ake a Esinati, eni mbumba, aliyang'ana nthawi yaitali. "Mkamwini wina uja tinamuperekeza ndi mphasa yake pamutu. Mlandu wake unali wa mbuzi chabe." Ndikudzikandabe.

Lachitatu
Mphiri ndaipeza pansi pa mulu wa mitengo ya thonje. Ndodo yamphanda, thumba la chiguduli. Yalowa! Kukongola kwake ngati chitenje chatsopano.
Kukama: umagwira kuseri kwa mutu, mano n'kuluma m'mphepete mwa kapu. Kapu ndatsuka. Ndatsegula bokosi, yafufuma n'kuti fuuu. Ndatseka. Kapu ndamwera tiyi. Mawa.

Lachinayi
Sikudya. Ndaiponyera mbewa yamoyo, mbewayo yakhala pamsana pake ikupukuta ndevu.
Esinati wasuzumira, wakulunga mphasa, wapita kwa amayi ake. "Sindinena kwa munthu, koma m'nyumba muno musankhe, ine kapena mkazi mnzangayo." Anthu oyamba zinthu amavutika chonchi kulikonse.

Lachisanu
Mayo! Mbewa ija yaboola pakona. M'bokosi muli zii. Mkukuluzi wa mphiri pafumbi wawongoka mpaka pansi pa nkhokwe ya apongozi, pomwe amasunga madengu.
Esinati walawirira ku chipatala ku Mua, abwera mawa. A Kachepa ali ku msika wa thonje ku Golomoti. Ndikauza wina aliyense, mudzi wonse umva, mphasa pamutu. Kuwauza eni akewo sindingathe. Ndodo yanga siikufika, ndipo kunena zoona mkono wanganso sukufuna.
Nzeru! Ndakhala pafupi ndi nkhokwe. Apongozi akangotulukira ndi lichero, ine khoo! khoo! Iwo liwiro kubwerera. Tsiku lonse chonchi. Mwambowu si woipa kwenikweni.
Ndawamva akudandaula kuseri kwa mpanda: "Koleji ija anakaphunzira chifuwa?"

Loweruka
Mawu atheratu. Ndingochoka pang'ono kukamwa madzi, pobwera ndiwapeza agwada, dzanja likulowa pansi pa nkhokwe. Nditsokomole, sichikutuluka. Ndathamanga, ndawagwira pamkono, ndakoka. Tonse khuu m'fumbi, maso ndi maso. Kani mpata wa m'mano wa Esinati unachokera kuno!
Mphiri yatuluka mwaulesi wake womwe ndinaisankhira. Amayi a pamtondo aimaliza ndi minsi. Chitukuko chonse chakwiriridwa kudzala.
A Kachepa afika, amva zonse, akuti mlandu mawa. Esinati wafika, wanena zambiri. Mphasa ndaikulunga ndekha.

Lamulungu
A Kachepa agamula pansi pa mtengo wa mango. Kubweretsa njoka pamudzi: kupita. Kugwira apongozi: tambala. Asanamalize, apongozi okha ayankhula, akundiyang'ana ine: "Dzanja ili ndikadali nalo chifukwa cha iwowa. Asiyeni. Andiona kale, andigwetsa kale, ndiziwathawiranjinso?"
Tambala wapita. Mphasa yayalidwanso. Kuthawana kwatha, ndipo ndathetsa ndine, monga ndinanenera Lachiwiri.
Chichokereni kutchalitchi apongozi ali pakhonde panga. Akuti denga likudontha. Mizere yanga ndi yokhota. Ndaonda. Ndimatafuna mokweza. Akuti za chaka chathunthu anazisunga, ndipo pano afika mwezi wachiwiri.
Ndayesa kutsokomola. Andiphikira mankhwala.
M'bokosi muli nkhunda ziwiri.