Apongozi Pamphasa Yakutsogolo

Lolemba, 7 Meyi 1956
Akapitawo atiuza m'mawa uno: tiyi wasiya kuphuka, othyola ambiri tiima mwezi ukatha. Ndikaima ine, basi ndi ulendo wa ku Halale, kusiya mwana wanga Dolika asanamere ndi dzino lomwe. Koma mpata ulipo. Aphunzitsi a pa esiteti akonza sewero la Loweruka, ine andipatsa malo a mesenjala. Nkhani yake: makalaliki awiri akulimbirana mpando, akuzunza mesenjala, osadziwa kuti ndi mwana wa mwini kampani. Za sewerozo ine ndilibe nazo ntchito. Ku ofesi kukufunika mesenjala weniweni, ndipo bwana adzabwera kudzaonera. Akandiona m'yunifolomu adzandikumbukira.

Lachiwiri
Zofunika: kabudula wa khaki, chipewa chofiira, nsapato. Chapezeka ndi chipewa. Mawu oti ndinene ndi ambiri, sukulu yanga ndi ya Sitandade 2. Ndikuloweza uku ndikuthyola. Akapitawo: "Iwe, masambawo akukuyankha?"

Lachitatu
Makalaliki a m'sewero ndi makalaliki enieni, a Makwinja ndi a Chikopa, ndipo mpando wa kalaliki wamkulu akuulimbiranadi. Aphunzitsi analemba kuti anyozane pang'ono. Iwo akuthiramo zawo, mpaka za mbuzi ya chaka chatha. Aliyense wandikokera pambali: ndikadziulula, ndichotse ntchito mnzakeyo. Ndavomera onse awiri. Amene adzakhale pampandopo sindikumudziwa.

Lachinayi
Kabudula ndabwereka kwa alonda. Tingalowemo awiri. Lamba ndi luzi. Nsapato palibe. Dolika watentha thupi, koma pofika madzulo wayamwa bwino. Amayi ake akuti ndizikayeserera kuseri kwa nkhokwe, mawu a mwana wa mwini kampani akumuliza mwana.

Lachisanu
Zavuta. Mayi a Dolika alengeza mudzi wonse, ndipo apongozi akuti abwera. Ine mkamwini, ndikawaona panjira ndimapatukira patchire, nkhope yawo sindinaiyang'anepo chikwatirire. Ndapempha kuti akakhale kumbuyo. Yankho labwera ndi mkazi wanga: "Makutu anga akalamba."

Loweruka
Bwana ndi dona pamipando. Patsogolo pawo, pamphasa, apongozi. Ndalowa chafutambuyo. Sewero lonse ndayang'ana khoma, makalata ndikuperekera kumsana. Podziulula ndiyenera kukwera patebulo n'kukuwa. Ndiime pamwamba, apongozi ali pansi? Ndanjuta kuseri kwa tebulo, chipewa m'manja, n'kunena motsitsa: "Pepani, kampaniyi ndi ya bambo anga." A Makwinja ndi a Chikopa sanamve, anali atagwirana kale m'makolala. Anthu aseka mpaka misozi. Bwana wafunsa aphunzitsi ngati mesenjala watsegula m'mimba. Sindinachotse munthu ntchito, ndiye onse awiri sakundiyankhula.

Lamulungu
Umesenjala akuti wapita kwa mphwawo wa a Chikopa. Kabudula ndabweza. Titaweruka kutchalitchi mayi a Dolika abwera ndi uthenga wa apongozi: "Munthu woti kampani ndi ya bambo ake koma n'kunjuta, ku Halale asapite." Apongoziwo andipatsa dimba la kumtsinje, limene akhala akukaniza akamwini onse. Mkazi wanga wayesa kuwafotokozera kuti kampaniyo si yathu. Akuti akudziwa, iwo si mwana. Chabwino, za ku ofesi ndi za eni ake. Mawa ndikaweruka ndipita ku Chinakanaka kukafuna mbewu ya kabichi, ndipo njira yake ndi yodutsa pakhomo pa apongozi, ndiye ndidzera patchire.