Malume Anga a Kubanki

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa zaka ziwiri, koma poti akabaza onse a pa Chiringa amaidziwa, ndipo amaithira mchere wawo, bola ndiinene ndekha. Ndi yochititsa manyazi. Mukafuna kuseka sekani, ndinazolowera.

Dzina langa ndine Lemani. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndimaphunzitsa masamu pasekondale ina kufupi ndi Chiringa. Masamu, inde. Musaiwale zimenezo.

Chaka chimene kwacha inagwa, chilichonse chinakwera kupatula salale yanga. Shuga, sopo, feteleza. Ngakhale wakabaza anakweza mtengo, ati mafuta adula. Mafuta anji panjinga yopalasa? Ndiye tsiku lina anyamata a banki ina anakhoma tenti paboma, atavala mathayi, n'kumatitchula ife ogwira ntchito m'boma kuti "bwana". Anandipatsa credit card. Ati mumangogula, kulipira pambuyo.

Ine ndinamva mawu oyambawo basi.

Ku Limbe ndinaswaipa suti, nsapato zosongoka ndi foni. Kenako zinafika pa shuga ndi mafuta ophikira. Kenako ndinayamba kutapa ndalama pamakina ndi khadiyo kuti ndikalipire ngongole ya khadi yomweyo. Mphunzitsi wa masamu! A banki anayamba kuimba m'mawa ndi masana, mpaka ndinadziikira lamulo: nambala yachilendo sindiyankha.

Nthawi imeneyo n'kuti ndili pachibwenzi ndi Jenala, telala wa pa Chiringa, kwawo ku Nazombe. Jenala ngongole amadana nayo ngati chikuku. Pakhomo pa shopu yake analemba ndi penti yofiira kuti "Ngongole mawa". Za khadi sankadziwa. Iye ankandiona ngati munthu wodziwa kusunga ndalama, ndipo ine sindinaone chifukwa chomukhumudwitsira.

Tinagwirizana kuti Loweruka lina malume anga, a Chidzanja, abwere kuchokera ku Ntcheu kudzakumana ndi malume ake, a Namakhwa, kudzafunsira mbeta. Akuchikazi anali asanawaonepo malume angawo. Ankangodziwa kuti kukubwera munthu wamkulu wochokera kutali.

Tsikulo ndinavala suti ija n'kukaima pasiteji. Naini koloko, malume kulibe. Teni koloko, foni yawo yozima. Nambala ina yachilendo inandiimbira kasanu. Ndinati a banki inu, ngakhale Loweruka? Mulibe mabanja? Ndinaidula kasanu konse.

Cha m'ma leveni anaimba Jenala.

"Muli kuti inu? Malume afika kale!"

"Afika bwanji? Ine ndili pasiteji pano!"

"Pagalimoto. Bwanji simunandiuze kuti ali ndi galimoto? Amayi apha nkhuku yachiwiri."

Malume anga alibe ngakhale wilibala.

Ndinalumphira pakabaza. Titafika ku Nazombe, pansi pa mtengo wa mango panali galimoto yoyera yopanda chizindikiro. Pakhonde, pampando umodzi wokha wa khushoni pamudzipo, panakhala bambo wa thayi, fayilo pamiyendo, chikho cha thobwa m'manja. Anali a Zimba, amene anandisayinitsa patenti paja, ndipo tsopano a banki anali atawasamutsira kotolera ngongole.

Zinachitika n'zakuti anafika kunyumba kwanga kudzandifuna. Mayi woyandikana nane atangoona thayi ndi galimoto, sanafunse kanthu. "Mwafika? Akukudikirani ku Nazombe!" Anakwera kutsogolo n'kuwalondolera yekha. Atafika, azimayi anawalandira ndi nthungululu. Akati atsegule fayilo, a Namakhwa ankawagwira dzanja. "Ayi bambo, kuno nkhani sitiyamba mlendo asanadye."

Apa ndiye panali poti munthu wanzeru anene zoona. Pepani, mwasokoneza, awa si malume anga. Mawu asanu ndi limodzi okha.

Ine ndinagwada pafumbi, ndi suti ya pangongole, n'kuomba m'manja.

"Malume, mwayenda bwanji?"

Thobwa linawatsamwa a Zimba. Ndinapempha kuti ndikawasonyeze malume kuseri, n'kuwakokera kumbuyo kwa khola la mbuzi.

"A Lemani, misala yanji imeneyi? Miyezi inayi simukuyankha foni!"

"Bwana, please. Ola limodzi lokha, mukhale malume anga. Mukanena zoona pano, ukwati watha."

"Ine ndabwera ndi fomu yoti tizidula kusalale."

"Ndisayina! Paliponse ndisayina!"

Ndinasayinira pabondo, mbuzi zikuonerera. A Zimba anausa moyo, n'kukonza thayi.

"Nkhuku ya anthuwa ndadya kale. Tiyeni."

Tsono pamwambo wotere mnyamata salankhula. Umakhala pamkeka, maso pansi, pakamwa potseka. Wokulankhulira ndi malume ako, ndipo akuchikazi amawafunsa iwowo za khalidwe lako. Ganizirani: pa anthu onse a m'dziko muno, wondichitira umboni anali munthu wosunga fayilo yanga.

A Namakhwa anayamba, ndi Chichewa chawo chokoka pang'ono Chilomwe.

"Mwana wanuyu mumamudziwa bwino?"

"Kwambiri. Chilichonse chimene wagula zaka ziwiri zapitazi ndimachidziwa, ndi tsiku lake lomwe."

Azimayi kumbuyoko anang'ung'udza mokondwa. "Eee, koma kulera kumeneko!"

"Amabwera kudzakuonani?"

"Sabwera. Ndimachita kumusaka."

"Ana a masiku ano," anatero a Namakhwa, akundiyang'ana ngati galu wakuba mazira. "Nanga akalonjeza chinthu, amachita?"

A Zimba anandiyang'ana nthawi yaitali. Thukuta linkatsika kumsana kwanga mpaka m'nsapato zosongoka zija.

"Kuyambira lero azichita. Wasayina."

"Ku Ntcheu ana mumawasayinitsa? Mwambo wabwino umenewo!"

Ndinayamba kupuma. Zinkayenda! A Zimba anali atazolowera mpandowo, mpaka anapempha thobwa lina. A Namakhwa anali atayamba kale kukamba za malo oti ndidzamangepo nyumba, poti kuno mwamuna ndi amene amasamukira kuchikazi. Ndinati mumtima, mphindi khumi zokha, Ambuye, mphindi khumi.

Kenako belu la njinga.

Pakabaza panatsika nkhalamba yofiira ndi fumbi kuyambira kuchipewa mpaka kumapazi, kathumba ka mbatatesi paphewa. Sinapereke ndi moni womwe.

"Iwe Lemani! Foni yakoyo ndi yokongoletsera thumba? Minibasi yatithera mafuta pa Migowi, foni yanga yatha moto, ndakuimbira kasanu pa ya kondakitala! Kasanu!"

A Namakhwa anayang'ana wa thayi, anayang'ana wa fumbi, n'kuyang'ana ine.

"Aphunzitsi, lamulo tiliphwanye pang'ono. Lankhulani. Awa ndi ndani?"

Mwayi wachiwiri wonena zoona. Ndinautayanso.

"Awa ndi... malume enanso."

"Enanso?" Malume anaponya mbatatesi pansi. "Mlongo wa mayi ako ndine ndekha! Ndinakusenza pamsana kupita nawe kuchipatala uli ndi mphere, lero ndine enanso? Bambo awa ndi a kwa yani?"

A Zimba anaimirira, anapukuta pakamwa, n'kuika chikho pansi mwaulemu.

"Pepani nonse. Ine ndine wa kubanki. A Lemani ali nafe ngongole ya khadi, ndiye ndimati tikambirane." Ndipo fayilo ija, imene inakanizidwa m'mawa wonse, inatseguka.

Mwambo umati mtsikana asaonekere pabwalo. Jenala anatulukira kuseri kwa nyumba ngati mwambowo sanaumvepo. Anatenga pepalalo, n'kuliwerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi, chala chikutsata mzere uliwonse. Sanakuwe. Bola akanakuwa.

"Suti mwavalayi?"

"Pakhadi."

"Nsapato?"

"Pakhadi."

"Chitenje munawagulira amayi chija?"

Amayi ake anaweramitsa mutu n'kuyang'ana chitenje chimene anavala, ngati chili ndi nsikidzi.

"Ndiye pano mwabwera ndi chiyani chanuchanu?"

Malume anandiyankhira, poti paja ndi ntchito yawo. "Mutu wokha, mayi. Nawonso ndi umene mukuuonawu."

Kunena zoona, apo ndinadziwa kuti Jenala ndamutaya, ndipo zinandiwawa kuposa manyazi onse a tsikulo. Ndinali wokonzeka kunyamuka. Koma iye anatambasula dzanja.

"Khadi."

Ndinapereka. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi sizasi yake yodulira nsalu. Khe! Khe! Zidutswa zinayi, pamaso pa malume onse atatu.

"Ukwati udikire chaka," anatero. "Peyisilipi ndiziiona ine mwezi uliwonse. Mukakana, msewu ndi uwo."

Sindinakane. Ndikanakana ndi pakamwa pati?

Akuluakulu anakhalanso pansi n'kuyambiranso nkhani. Malume enieni anawapatsa kampando kathabwa, chifukwa palibe amene analimba mtima kuwachotsa a Zimba pakhushoni. Pa nkhuku ziwiri zija, malume anapeza khosi ndi zipalapasiro. Mpaka lero sanandikhululukire, ndipo nkhani ya khosilo inafika ku Ntcheu ine ndisanafike.

Potseka mwambo, a Namakhwa anatsokomola n'kuimirira.

"A Chidzanja, mawu anu tawamva, ndipo takulandirani ngati ankhoswe. Koma tisanamizane. Banjali likadzavuta, ife tidzaitana a thayiwa. Mwanayu amamudziwa ndi iwowa."

Jenala ndinamukwatira, chaka chitatha ndi miyezi iwiri. Ngongole idakalipo pang'ono. Ndipo mwezi ukamatha, apongozi anga amatumiza uthenga kudzera kwa mwana wawo, mwaulemu wonse: "Awafunse aphunzitsi, malume awo a kubanki aja alandira kale?"

Phunziro langa ndi ili: m'bale akhoza kuchedwa panjira, koma ngongole imafika pa nthawi yake, pagalimoto, n'kudya nkhuku ya malume ako.