Mphini Zisanu ndi Ziwiri Pansi pa Malaya

Nkhani iyi ndakhala nayo chete zaka zambiri, chifukwa wopusa wake ndine.

Mkazi wanga atamwalira, abale ake anafuna kuti tichite kupita kufa, mwambo wotsuka mudzi pambuyo pa maliro. Ndinakana, poti ndinali nditabatizidwa kale ku mishoni. Nyengo yothyola thonje itafika, paphewa panga panatuluka kachotupa kofewa, kosapweteka, kothawathawa pansi pa khungu ukakadina.

Mlamu wanga anakadina kawiri. "Alamu, si munakana mwambo? Maliro aja ndi awa akhala paphewa."

Ndinamuyankha ndi vesi (ndinalitchula bwino ndithu), koma m'mawa uliwonse ndinkakayeza ndi zala. Kanayamba ngati njere ya bwemba. Katafika pa dzira la bakha, ndinauza anzanga a mumpingo kuti ndikukagula nsomba, n'kuwoloka Shire pa bwato kupita kwa sing'anga. Ananditema mphini mozungulira chotupacho, napakamo mankhwala akuda. Pobwerera ndinagula milamba iwiri kuti bodza lichepeko.

Chotupa sichinasunthe. Mphini ndi zimene zinachita mafinya, mpaka malaya ankamatirira. Kunatsala chipatala cha mishoni basi, ndipo wotsuka zilonda kumeneko anali a Alufandika, mkulu wa mpingo wathu. Munthu akapezeka ndi mphini zatsopano, iwowo ndi amene ankamuimitsa pa Mgonero.

Ndinavula malaya ngati ndikusenda khungu langa lomwe. Dokotala wachizungu anadinadina, nalankhula, a Alufandika n'kumamasulira.

"Akuti ndi mafuta chabe, aunjikana malo amodzi. Sapha munthu. Chikadzakula n'kumakuvutani pogona adzachidula, koma pano muchisiye."

(Thupi langa lonse nthiti zimawerengeka. Mafuta okhawo amene Mulungu anandipatsa, ine ndinakawatemetsa.)

Dokotala atatuluka, a Alufandika anayamba kutsuka mabala mosafulumira, akuwerenga chapansipansi.

"Zisanu ndi ziwiri, ziwiri zopingasa. Mbale, mkulu uja wa kutsidya dzanja lake silinasinthebe."

Anandimanga nsalu. Lamulungu la Mgonero anandipatsira chikho maso ali kudenga.

Chotupacho chilipobe, ndipo tikukalamba limodzi mwamtendere. Sindinawafunsepo a Alufandika kuti dzanja lija analidziwira kuti, chifukwa kuweruza si kwanga. Ndimangoona kuti ngakhale dzuwa la chilimwe liwotche bwanji kudimba, iwo malaya savula.