Tsamba la fodya la a Makwinja

Mukadzamva kuti ku Mkanda kuli kapitawo amene anamuitanira akatekisiti ali bwinobwino, akudya ndi kupalasa njinga, musavutike kufunsa dzina. Ndine.

Ndakalambira pa esiteti ya fodya. Makapitawo tinalipo awiri, ine ndi a Zulu. A Zuluwa amaseka ndi aliyense, ndi mbuzi zomwe, ndipo matenanti amawakonda popanda chifukwa chomveka (chifukwacho chilipo, koma si ine woti ndichinene). Ine ndinkadziwika ndi kukalipa. Pali banja lina limene ndinalisamutsa mvula ili mkati kalekale, nkhope ya mayi wake imandibwererabe, koma imeneyo si nkhani ya lero.

Chaka chatha abwana anatibweretsera Mayi Gondwe a ku Lilongwe kuti atiphunzitse kuyang'anira antchito, azigwira ndi mtima wonse, asamatithawire ku Zambia fodya ali m'munda. Abwana ananenanso kuti amene matenanti ake asinthe bwino, ndiye adzakhale kapitawo wamkulu.

Ine sukulu ndinaiyamba ndili ndi imvi, ya kwacha, choncho aliyense woima pa bolodi ndimamulemekeza. Ndinakhala kutsogolo. Mayi aja anati, "Munthu akachita bwino, muyamikireni pamaso pa anzake. Musamangolamula, muzimufunsa maganizo. Ntchito yabwino muziionetsa kwa ena kuti atengerepo." Atatero anatembenukira kwa a Zulu. "Bambo awa ndamva kuti amachita kale zimenezi."

Amachita kale. Munthu amene anabwera wopanda n'cholembera chomwe. Nkhuku imene anatiphikira masana aja ndinangoisiya m'mbale.

M'mawa mwake ndinalunjika kumunda kwa a Makwinja, tenanti wa ku Thyolo, amene fodya wake anali ndi masamba ngati a nthochi. Ndinadikira kuti anzawo ayandikire, n'kukonza kukhosi.

"A Makwinja, fodya wanuyu ndi wokongola. Palibe wina wotere pa esiteti pano."

A Makwinja anasiya khasu. Anayang'ana akazi awo. "Ayi bwana, ndi wachabechabe uyu, akungooneka."

"Ndi wokongola ndithu. Inuyo maganizo anu ndi otani?"

"Mmene mungafunire, bwana. Koma ana anga akadali ang'onoang'ono."

Ine ndinati ndi ulemu wa anthu a kummwera. Ndinathyola tsamba limodzi lalikulu kuti ndikaonetse ena, ndinatapanso dothi pamzere kuti aone mmene manyowa analowera. Nditazungulira minda yonse, ndinazimanga m'kansalu n'kuika m'thumba la jekete, kusungira Mayi Gondwe.

Inu amene munakulira kumudzi mwagwira kale pakamwa. Munthu wotamanda munda wa mnzake, n'kutengako tsamba ndi dothi, kwathu kuno timati akufuna kukawa, kusamutsira zokolola kwake ndi mankhwala. Ine ndinabadwira momwemo, ndikuzidziwa bwino. Kungoti nthawi imeneyo m'maso mwanga munali mutadzaza a Zulu okhaokha.

Zinthu zinasintha ndithu. Matenanti akandiona patali ankathamangira kukaima pa fodya wonyentchera. "Bwana, taonani kuno, mbozi zatha zonse." Ena anasiyiratu kupalira kuti munda usaoneke bwino. Ine poona udzu ndinati chiyamiko chachepa, ndinawonjezera. Ndinayamba kupereka moni, kufunsa za ana, kutchula "zikomo" (mawu amenewa poyamba ankatuluka ngati chifuwa).

Ndinapita nazo mpaka kunyumba. Nditayamikira ndiwo za nkhwani, akazi anga anandiyang'anitsitsa.

"Abambo ake Esinati, chikukupwetekani n'chiyani?"

"Palibe. Ndangoti ndiwo zakoma."

"Chikwatiranireni, zakoma lero?"

Iwo anakumbuka malume awo, munthu waukali, amene anafatsa mwadzidzidzi n'kumwalira mwezi usanathe. Choncho pa esiteti panali magulu awiri: ena amati ndine mfiti, ena amati ndikutsanzika. Lamulungu masana akatekisiti anafika pa njinga, n'kundifunsa motsitsa mawu ngati ndili ndi choti nditule. Ndinatsala pang'ono kuwauza za banja lija, koma ndinangowapatsa mtedza.

Tsiku limene Mayi Gondwe anabweranso, anasonkhanitsa matenanti pafupi ndi chigafa choumitsira fodya, abwana ali pompo.

"Kapitawo wanu wasintha?"

A Makwinja anaimirira, chipewa m'manja. "Asintha, mayi. Tikupempha abwerere mmene analili. Zikavuta, tipatseni a Zulu."

Mayi aja anasokonezeka. Ine pofuna kuonetsa kuti ndinatsatira phunziro lonse, ndinapisa m'thumba, n'kutulutsa kansalu kaja. Nditangokamasula, tsamba louma ndi dothi poyera, anthu anabalalika. Akazi a Makwinja anatola mwana wa eni ake pothawa. A Zulu ndiwo anafotokozera Mayi Gondwe, akupukuta misozi ya phwete.

Apo ukali wanga unadzuka wokha. "Mukuthawa chiyani, zitsiru inu? Udzu wafika m'chiuno m'mindamo, bwererani kuno msanga!"

Anthu anaima. Anabwerera mmodzimmodzi, nkhope zili zowala. Ndinamva akazi anga kumbuyo akuuza anzawo, "Achira."

Ukapitawo waukulu anaupereka kwa a Zulu, ndipo abwana anati iwowo ndiwo azindiphunzitsa pang'onopang'ono. Amandiitanira pambali n'kunena, "Achimwene, chaka chino yambani ndi moni yekha. Kuyamikira tidzaona chaka chamawa." Ndimavomera, nanga n'kutani.

Dzulo ndinadutsa pa munda wa a Zuluwo. Fodya wawo chaka chino wachita bwino kwambiri, masamba ngati a nthochi. Ndikungodikira tsiku limene anthu adzachuluke, ndikawayamikire pamaso pa onse, n'kuthyolako tsamba limodzi.