Njoka Imene Inandiulutsa ku Thamesmead

Wofuna kuseka asekeretu, chifukwa ndikayamba sindifuna kuona mano a munthu. Inu London mumamuonera pawindo la basi. Ine ndinamuonera kumwamba, ndipo sindinali m'ndege ayi.

Zaka za m'ma 2000 zitangoyamba ndinkagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Munali mkulu wina, mzungu, amene anakalambira pa sitima zapanyanja. Ali pafupi kutsirizika anandigwira dzanja.

"A Likongwe, kunyumba kwanga kuli njoka yanga. Chonde, isafe."

Ndinalonjeza, ndipo ndinakaitengadi. Inali yowonda ngati chala, yobiriwira, ya timadontho tofiira pamsana, yochokera kunkhalango za ku Asia kumene njoka zimauluka kuchoka pamtengo kukatera pamtengo wina. M'fulati yanga ku Thamesmead ndinaikonzera bokosi lalitali lagalasi, nthambi, nyali yotenthetsa, ndipo m'mawa uliwonse ndinkaiwaza madzi ofunda kuti iziyesa mvula yakwawo. Koma kudya, toto. Nalimata amene ndinaigulira ananenepa mpaka kumagona pamutu pake. Njoka ikungotha, maso ali kuwindo. Apo ndinadziwa kuti ikupukwa mlengalenga.

Masana ena dzuwa litawala, ndinakwera nayo padenga. Mukumva? Inalawa mphepo ndi lilime, inatambasula nthiti n'kuphwatalala ngati lamba, mchira n'kukulunga pamkono panga, ndipo ndisanati "Mayo!" mapazi anali atasiya simenti, tikuyandama pamwamba pa mtsinje wa Thames, iyo ikusambira mumphepo uku ndi uku, ine ndili lende kunsi kwake ndi yunifolomu yanga, mabasi ofiira akukwawa pansi ngati tizilombo, mitambo ikundipukuta kumaso, ku Peckham fungo la nsomba zouma ndi nyimbo za m'matchalitchi zikutikankhira m'mwamba pang'onopang'ono, mpaka ndinagona tulo, inde tulo, ndikumva mkulu uja akuseka chapatali. Mukumva inu? Ndinadzidzimuka tikutera padenga la tiramu, kasitima koyenda m'misewu, ku Croydon, dalaivala n'kutivulira chipewa.

Kuchokera tsiku limenelo inayamba kudya ngati mlendo wa paukwati, ndipo inakhala ndi ine mpaka kukalamba.

Mukuti chithunzi chili kuti? Ndikanajambula ndi dzanja liti, lina lili kunjoka, lina litagwira buluku kuti lisavuke? Bwerani muyeze mikono yangayi. Wamanjawu ndi wautali mpaka lero, ndipo jekete ndimachita kusoketsa.